Kodi Paulo ndi Yakobo amatsutsana pa za chipulumutso?

Funso

Abusa, mwana wanga wamwamuna anasiya mkazi wake ndi ana awiri kumudzi kuno, ndipo akukhala ndi mkazi wina m'tauni. Ndikamudzudzula amandiwerengera Aefeso 2:8-9 ndi Aroma 8:1, n'kunena kuti iye ali pansi pa chisomo, ife akalefe tidakali mu ukapolo wa chilamulo. Ndikamuuza za Yakobo 2:26, kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa, amati Yakobo ankalembera Ayuda. Kumpingo kwathu nakonso tikumauzidwa kuti amene khadi lake la zopereka lili ndi mipata asayembekezere kuti mpingo udzamuimbira pa maliro ake, ndipo ine chaka chino ndatsalira kwambiri. Usiku ndimadzifunsa ngati ndine wopulumuka. Kodi Paulo ndi Yakobo amatsutsana? Nanga chimene chimapulumutsa munthu n'chiti, chisomo kapena kumvera?

Mayi wa ku Kasungu

Yankho

Zikomo mayi, ndipo pepani ndi katundu amene mwasenzayu. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo, musachite kudikira mpaka kumapeto: khadi la zopereka silinatsegulirepo munthu kumwamba, ndipo silinamutsekerepo. Ndibwereranso pa nkhani ya khadiyo. Koma funso la Paulo ndi Yakobo n'lofunika kulikhalira pansi, chifukwa pakhomo panu Baibulo lang'ambidwa pakati. Mwana wanu watenga mbali ina, inu mwatsala ndi ina, ndipo aliyense akugenda mnzake ndi mavesi ake.

Tisabisane, mawu a awiriwa akaikidwa pamodzi amaonekadi ngati akugundana. Pa Aroma 3:28 Paulo akuti munthu amayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro, popanda ntchito za lamulo. Pa Yakobo 2:24 tikumva kuti munthu amayesedwa wolungama ndi ntchito zake, osati ndi chikhulupiriro chokha. Onse awiri akuitana mboni imodzi, Abrahamu, ndipo onse akutchula vesi limodzi, Genesis 15:6. Si inu oyamba kudodoma nazo. Martin Luther, amene anayambitsa Chiprotestanti, potulutsa Chipangano Chatsopano m'Chijeremani m'chaka cha 1522, analemba m'mawu ake otsogolera kuti kalata ya Yakobo ndi ya udzu poiyerekeza ndi Uthenga wa Yohane ndi makalata a Paulo. Sanaichotse m'Baibulo, koma anaikankhira chakumapeto. Ine ndimaona kuti apa Luther anaphonya. Nkhondo imene anali nayo ndi ogulitsa zikalata za chikhululukiro inamuchititsa kumva Yakobo ngati akulankhulira adani ake.

Anthu awiriwa ankadziwana maso ndi maso. Paulo mwini akunena pa Agalatiya 1:18-19 kuti patapita zaka 3 chitembenukireni anapita ku Yerusalemu, anakhala kwa Petro masiku 15, ndipo anaonana ndi Yakobo, m'bale wake wa Ambuye. Yakobo ameneyu ndi amene mpingo kuyambira kale umamudziwa kuti ndiye mwini kalata mukuwerengayi. Patapita zaka 14 Paulo anapitanso, nawafotokozera akuluakulu uthenga umene ankalalikira kwa anthu a mitundu ina, ndipo Yakobo, Petro ndi Yohane anamugwira chanza iye ndi Barnaba posonyeza kuti ali limodzi (Agalatiya 2:9). Taonaninso mmene aliyense wa iwo analowera mu mpingo. Yesu akulalikira ku Galileya abale ake sankamukhulupirira (Yohane 7:5), koma atauka kwa akufa anakaonekera kwa Yakobo (1 Akorinto 15:7). Paulo anakumana ndi Ambuye ali pa ulendo wokamanga okhulupirira ku Damasiko, makalata a mkulu wa ansembe ali m'manja. Palibe mwa awiriwa amene akanaimirira n'kunena kuti malo ake anachita kuwagwirira ntchito.

Tsono Paulo ankalimbana ndi chiyani? Cha m'ma 48 kapena 49, ku Antiokeya wa ku Siriya kunali mpingo wosakanikirana, Ayuda ndi anthu a mitundu ina. Kunabwera aphunzitsi ochokera ku Yudeya ndi uthenga wakuti ngati simudulidwa monga mwa mwambo wa Mose, simungapulumuke (Machitidwe 15:1). Anthuwa sankakana Yesu ayi. Ankangoti kuti munthu alowe kwathunthu m'banja la Mulungu, pamwamba pa Yesu pakufunika chinanso. Mkangano unakula mpaka unakafika ku Yerusalemu. Kumeneko Petro anafunsa chifukwa chimene ankafunira kusenzetsa ophunzira goli limene makolo awo, ngakhale iwo eni, analephera kulisenza, natsiriza ndi kunena kuti ife tipulumuka ndi chisomo cha Ambuye Yesu monga momwe iwowo apulumukira (15:10-11). Amene anamanga mfundo pa tsikulo anali Yakobo: tisawavutitse anthu a mitundu ina amene akutembenukira kwa Mulungu (15:19). Mwana wanu akamati Yakobo ndi wa chilamulo, muonetseni vesi limeneli. Yakobo yemweyo anawonjezera kuti awalembere kalata yowauza kuti apewe zoperekedwa kwa mafano, dama, nyama yopotola ndi magazi. Pa msonkhano umodzi womwewo khomo linatsegulidwa kwaulere, ndipo olowawo anauzidwa makhalidwe a m'nyumbamo.

Musaganize kuti mpingo woyamba unalibe kukokana. Paulo akusimba pa Agalatiya 2:11-14 kuti Petro ali ku Antiokeya ankadya limodzi ndi Akhristu osadulidwa, koma atafika anthu ena ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula chifukwa cha mantha, mpaka Barnaba naye anatengeka. Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Nkhani inali ya mbale, yoti ndani angadye ndi ndani. Petro sanalalikire chiphunzitso chatsopano, anangosintha pokhala nthawi ya chakudya. Koma kusamukako kunkauza Mkhristu wa Chigriki kuti Khristu yekha sanakukwanire, udakali wodetsedwa. N'chifukwa chake Paulo anatseka nkhaniyo ndi mawu olemera, akuti ngati chilungamo chimadza mwa lamulo, ndiye kuti Khristu anafa chabe (2:21).

Choncho Paulo akamanena za ntchito za lamulo, patsogolo pa maso ake pali mdulidwe, zakudya, ndi kusunga masiku ndi miyezi (Agalatiya 4:10). Koma salekera pomwepo. Pa Aroma 4:4-5 akuti malipiro a wogwira ntchito si mphatso, ndi ngongole imene bwana ayenera kubweza, pamene Mulungu amayesa wolungama munthu wosapembedza amene wamukhulupirira. Pa Tito 3:5 tikuwerenga kuti sanatipulumutse chifukwa cha ntchito zolungama zimene tinachita ife, koma mwa chifundo chake. Chilichonse chimene munthu angafike nacho pakhomo pa Mulungu ngati ndalama yolowera, kaya mdulidwe, kaya kusala kudya, kaya yunifolomu ya amayi a mpingo, kaya khadi lodzaza, Paulo akuchikana. Apa mwana wanu akunena zoona, ndipo musachite manyazi kumuvomereza.

Yakobo ankayang'ana mpingo wa vuto lina. Werengani kalata yake yonse nthawi imodzi, ili ndi mitu 5 yokha, ndipo muwaona anthu amene ankawalembera. Akalowa munthu wovala mphete yagolide ndi zovala zonyezimira amamuthamangira ndi mpando wabwino, akalowa mmphawi wa sanza amamuuza kuti ima uko, kapena khala pansi apa pa mapazi anga (2:2-3). M'bale kapena mlongo alibe chovala, alibe chakudya cha tsikulo, wina n'kumuuza kuti pita ndi mtendere, ukafunde, ukakhute, osamupatsa kanthu (2:15-16). Eni minda akolola, koma malipiro a anthu amene anawakololera awakaniza, ndipo Yakobo akuti kulira kwa antchitowo kwafika m'makutu a Ambuye (5:4). Pakamwa pomwe patuluka chitamando ndi pomwenso patuluka temberero (3:9-10). Anthu amenewa chiphunzitso ankachidziwa bwino. Ankatha kunena pamtima kuti Mulungu ndi mmodzi, mawu a pa Deuteronomo 6:4 amene Myuda wopembedza amanena m'mawa ndi madzulo. Yakobo akuwayankha kuti mwachita bwino, ziwanda nazonso zimakhulupirira zimenezo, mpaka zimanjenjemera (2:19). Mdulidwe sautchula n'komwe m'kalata yonseyo. Ntchito zimene akufunsa ndi kudyetsa wanjala, kuchezera ana ndi akazi amasiye, kulipira wantchito ndi kumanga lilime.

Muonenso mmene akuyambira pa 2:14: pali phindu lanji munthu akanena kuti ali ndi chikhulupiriro koma alibe ntchito? Chimene chikuyesedwa apa ndi chonena cha munthuyo. Chikhulupiriro chimene Yakobo akuti sichingapulumutse ndi cha pakamwa, chongovomereza kuti zakutizakuti n'zoona, moyo osagwedezeka. Paulo sanaphunzitsepo kuti chotere chimapulumutsa. Ndi iye amene analemba kuti ngakhale ndikhale ndi chikhulupiriro chosuntha mapiri, ngati ndilibe chikondi ndili chabe (1 Akorinto 13:2), ndiponso kuti mwa Khristu mdulidwe ndi kusadulidwa zilibe mphamvu, champhamvu ndi chikhulupiriro chogwira ntchito mwa chikondi (Agalatiya 5:6). Yakobo naye chisomo ankachidziwa. Akuti mphatso iliyonse yabwino imatsika kumwamba, Mulungu anatibala mwa kufuna kwake ndi mawu a choonadi (1:17-18), ndipo amapatsa chisomo odzichepetsa (4:6).

Nkhani ya Abrahamu ndi imene imamasula mfundoyi mukaitsata mwa dongosolo la zaka. Pa Genesis 15 Abramu (dzina la Abrahamu nthawi imeneyo) alibe mwana. Mulungu akumutulutsa panja kuti awerenge nyenyezi, iye akukhulupirira, ndipo Mulungu akumuyesa wolungama. Ismayeli anabadwa pambuyo pake, Abramu ali ndi zaka 86 (16:16). Mdulidwe unabwera ali ndi zaka 99 (17:24). Ndiye kuti panadutsa zaka zosachepera 13 munthuyo ali wolungama kale pamaso pa Mulungu, asanadulidwe. Paulo waima pamenepo pa Aroma 4:9-11, ndipo palibe angamugwedeze. Isake anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 100, ndipo pamene mayeso a pa Genesis 22 ankafika mnyamatayo anali atakula moti n'kusenza nkhuni kukwera nazo phiri. Yakobo waima pa phiri pamenepo, zaka zambiri chichitikireni za nyenyezi zija, ndipo akuti apa ndi pamene lemba lija linakwaniritsidwa, chikhulupiriro chinagwira ntchito limodzi ndi zochita zake, chinafika pake penipeni (2:22-23). Paulo akuyankha funso lakuti wochimwa amalandiridwa bwanji. Yakobo akuyankha lakuti wolandiridwayo amaoneka bwanji ngati anakhulupiriradi. Wolemba Ahebri anaziphatikiza m'chiganizo chimodzi: ndi chikhulupiriro Abrahamu, ataitanidwa, anamvera (11:8).

Tsopano tibwere kwa Paulo amene mwana wanu amamukonda. Aefeso 2:8-9, imene imati mwapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito, ili ndi vesi 10 kutsogolo kwake, limene likuti ndife olengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu kuti tiyendemo. Kalata ya Aroma, imene Paulo analemba ali ku Korinto cha m'ma 57, imayamba ndi kunena kuti analandira utumwi kuti mitundu yonse ifike pa kumvera kwa chikhulupiriro (1:5), ndipo imatha ndi mawu omwewo (16:26). Ankadziwa kuti ena adzapotoza uthenga wake, pakuti iye ali moyo anthu ankamunamizira kale kuti amaphunzitsa kuti tichite zoipa kuti zabwino zibwere (3:8). Pa mutu 6 akudzifunsa yekha funso la mwana wanu: tikhalebe mu uchimo kuti chisomo chichuluke? Akuyankha kuti msatero ayi, ife amene tinafa ku uchimo tingakhalemonso bwanji? Mawu akuti simuli pansi pa lamulo koma pansi pa chisomo ali pa 6:14, ndipo mbali yoyamba ya vesi lomwelo ikuti uchimo sudzachita ufumu pa inu. Mavesi awiri kutsogolo akuti munthu ndi kapolo wa chimene amachimvera.

Chimene ine ndimaona kuti chimasowa m'maulaliki athu ambiri ndi ichi. Timalankhula za chisomo ngati chikhululukiro basi, kufafaniza mlandu n'kuthera pomwepo. M'makalata a atumwi chisomo chimagwiranso ntchito mkati mwa munthu. Tito 2:11-12 ikuti chisomo chimene chadzetsa chipulumutso ndi chomwe chimatiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko. Paulo akuti ndinagwira ntchito kuposa atumwi ena onse, kenako n'kuwonjezera msanga kuti si ine ayi, ndi chisomo cha Mulungu chimene chili ndi ine (1 Akorinto 15:10). Afilipi akuwauza kuti agwire ntchito ya chipulumutso chawo ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti Mulungu ndiye amachita mwa iwo kufuna ndi kuchita komwe (2:12-13). Kumvera nakonso ndi mphatso. Sikubwera kudzatseka pamene chisomo chaperewera, kumatuluka m'chisomocho. Dongosolo limeneli ndi lakalekale, pakuti Malamulo Khumi amayamba ndi mawu akuti Ine ndine Yehova Mulungu wako amene ndinakutulutsa m'nyumba ya akapolo (Eksodo 20:2). Aisraele anaoloka nyanja asanafike pa Sinai, pamene analandira malamulowo.

M'munda umodzi mukhoza kupeza anthu awiri akulima mizere yoyandikana, wina waganyu, wina mwana wa pakhomopo. Makasu ndi ofanana, thukuta ndi lofanana, wodutsa panjira sangawasiyanitse. Waganyu akuwerenga mizere chifukwa madzulo akalandira molingana ndi ndime yake, ndipo tsiku limene wadwala palibe chake. Mwana akadwala amagona m'nyumba, phala limamupeza komweko, chifukwa sanakhale mwana polima. Koma mwana wamkulu, wamphamvu zake, amene amadya nsima tsiku ndi tsiku khasu osaligwira, n'kumapungula chimanga m'nkhokwe kukagulitsa, kwinaku akuti ine ndine mwana simungandithamangitse, akuonetsa kuti mtima wake suli pakhomopo. Inu mayi mukudziyesa waganyu amene ndime yake yaperewera, pamene Agalatiya 4:7 ikuti sulinso kapolo, ndiwe mwana. Mwana wanu akudzitcha mwana wa pakhomo, koma munda wauthawa.

Pali chinthu chimodzi chimene akuluakulu a ku Yerusalemu anapempha Paulo tsiku limene anagwirana chanza lija. Anati azikumbukira aumphawi, ndipo iye akuti n'chimene ankafunitsitsa kale kuchita (Agalatiya 2:10). Sanangonena pakamwa. Kwa zaka zingapo anayendetsa chopereka m'mipingo ya ku Galatiya, Makedoniya ndi Akaya, nawalangiza Akorinto kuti tsiku loyamba la sabata aliyense azipatula kangachepe monga wapindulira (1 Akorinto 16:1-2), mpaka anakachipereka iye mwini ku Yerusalemu, ngakhale ankadziwa kuti kumeneko moyo wake ukakhala pa chiswe (Aroma 15:25-31). M'mawa mwake atafika anakalowa kwa Yakobo (Machitidwe 21:18), ndipo pa ulendo womwewo ndi pamene anamangidwa. Mtumwi wa chisomo anathera zaka akuchita ndendende zimene Yakobo 2:15-16 imafuna. Ndipo pofotokoza kuwolowa manja kwa Amakedoniya, amene eni ake anali pa umphawi wadzaoneni, sakuwatama ngati anthu ogula madalitso. Akuti tikudziwitseni chisomo cha Mulungu chimene chapatsidwa kwa mipingo ya ku Makedoniya (2 Akorinto 8:1-2).

M'badwo umene unatsatira atumwi sunaone chifukwa chosankhira pakati pa awiriwa. Cha m'ma 96 mpingo wa ku Roma unalembera mpingo wa ku Korinto kalata imene timaidziwa ndi dzina la Clement, chifukwa Akorinto anali atachotsa akulu awo pa udindo popanda mlandu. M'kalatamo akuti sitiyesedwa olungama mwa ife tokha, kapena mwa nzeru zathu, kupembedza kwathu, ngakhale ntchito zimene tachita ndi mtima woyera, koma mwa chikhulupiriro chimene Mulungu wayesera anthu olungama kuyambira pachiyambi. Pomwepo akufunsa kuti tsono titani abale, tileke kuchita zabwino, tisiye chikondi? Akuti Ambuye asalole. Za Rahabu akuti anapulumuka chifukwa cha chikhulupiriro ndi kuchereza alendo. Polycarp, bishopu wa ku Smyrna amene anaphedwa chifukwa cha Khristu cha m'ma 155, polembera Afilipi akuyamba ndi mawu a Aefeso aja, mwapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito. Asanapite patali akuti amene anaukitsa Khristu adzatiukitsa ifenso ngati tichita chifuniro chake ndi kuyenda m'malamulo ake. Anthuwa ankawerenga makalata a Paulo m'chinenero chimene analembedwamo, ndipo sanapezemo chilolezo cha tchimo.

Mikangano ya pambuyo pake ndingoidutsa mwachangu. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, analimbana ndi mbali zonse ziwiri. Cha m'ma 413 analemba kabuku kotsutsa amene ankafuna kuti anthu okhala m'chigololo azibatizidwa osasintha, poti chikhulupiriro n'chokwanira. Analimbananso ndi Pelagius, amene ankati munthu ali nayo mphamvu yomvera Mulungu mwa kufuna kwake, chiphunzitso chimene chinakanidwa pa msonkhano wa ku Carthage mu 418. Pemphero la Augustine limene linakwiyitsa Pelagius linali lakuti patsani chimene mukulamula, ndipo lamulani chimene mukufuna. Akatolika ndi Aprotestanti anasiyana kwambiri pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1500, ndipo kusiyana kwina kulipobe. Komabe pa 31 Okutobala 1999 ku Augsburg, Akatolika ndi Alutherani anasainirana chikalata chovomereza limodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndi kuti Mzimu Woyera amakonzanso mitima yathu natiitanira ku ntchito zabwino.

Za mwana wanu, mtima wake sindingauweruze, amaudziwa ndi Mulungu. Koma zimene akuchita Malemba akuzitchula dzina, ndipo amene akuzitchula kwambiri ndi Paulo. Lekani kaye kumuponyera Yakobo, popeza wamukana kale, ndipo khalani naye pansi pa Paulo yemweyo. Aroma 8:1, imene imati palibe kutsutsidwa kwa amene ali mwa Khristu Yesu, aiwerenge mpaka vesi 13, pamene akuti mukakhala monga mwa thupi mudzafa. Akorinto ambiri sanali Ayuda, ndipo atayamba kudzitukumula pamene mmodzi wa iwo ankakhala ndi mkazi wa bambo ake, Paulo anawalamula kuti amuchotse pakati pawo (1 Akorinto 5). Mutu wotsatira akuti musasocheretsedwe, adama ndi achigololo sadzalowa mu ufumu wa Mulungu, n'kuwonjezera kuti ena a inu munali otere, koma munasambitsidwa (6:9-11). Ndipo 1 Timoteo 5:8 ikukhudza zidzukulu zanu mwachindunji: amene sasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro, ndipo waipa koposa wosakhulupirira. Zoti Yakobo ankalembera Ayuda n'zoona mbali imodzi, kalatayo ikupita kwa mafuko 12 obalalika, koma anali okhulupirira Ambuye Yesu Khristu (2:1), ndipo zomwezo Paulo anauza a mitundu ina. Yuda pa vesi 4 akuchenjeza za anthu osandutsa chisomo cha Mulungu chilolezo cha zonyansa. Ngati alipo mlaliki amene akumulimbitsa mtima mwana wanuyo kuti akhale momwemo, akumupha.

Komabe musamutaye. M'kalata ya Polycarp ija muli nkhani ya Valens, amene anali mkulu wa mpingo ku Filipi, nagwa pamodzi ndi mkazi wake pa nkhani ya ndalama. Polycarp akuti ali ndi chisoni chachikulu chifukwa cha iwo, akupempha kuti Ambuye awapatse kulapa koona, ndipo akulangiza mpingo kuti usawatenge ngati adani, uwabweze ngati ziwalo zodwala ndi zosochera. Paulo naye pa 2 Akorinto 2:6-8 akunena za munthu amene mpingo unamulanga, akuti chilangocho chakwana, tsopano mukhululukireni, mumutonthoze, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni. Chisomo chimene mwana wanu akuchitchulacho chilipodi, ndipo n'chachikulu kuposa mmene iye akuganizira, pakuti chikhoza kumukhululukira ndi kumubweza kwa ana ake. Njira yake ili pa 1 Yohane 1:9, tikavomereza machimo athu, mawu amene analembedwera okhulupirira.

Tsopano khadi lija. Mpingo umafunika ndalama, abusa amadya, denga limadontha, ndipo Mkhristu amene angathe kupereka koma akuumira ali ndi mlandu woti alape. Kulemba zopereka m'buku si tchimo. Koma kuopseza mayi wosauka ndi maliro ake n'kulakwa, ndipo ndikunena izi monga mbusa kwa abusa anzanga ndi akulu a mpingo. Paulo amene anayendetsa chopereka chachikulu chija ndi yemwe analemba kuti mtima wofuna ukakhalapo, mphatso imalandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho, osati chimene alibe (2 Akorinto 8:12), ndi kuti aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, osati mwa chisoni kapena mokakamizidwa (9:7). Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti ndalama yako iwonongeke nawe pamodzi (Machitidwe 8:20). Mpingo umene umagawa ulemu wa pa maliro potengera khadi wabwerera ku Yakobo 2:2-3, wa mphete kutsogolo, wa sanza kumbuyo. Pa Luka 16:22 Yesu akuti wachuma uja anafa naikidwa m'manda. Za Lazaro satchula mwambo wa maliro, akuti anatengedwa ndi angelo kunka pachifuwa cha Abrahamu. Pitani kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu, mufotokozereni mmene chaka chayendera, perekani chimene mungathe, ndipo musatenge katapila kuti mudzaze khadi.

Mukadzifunsa usiku ngati ndinu wopulumuka, musayambe ndi kuwerenga zimene mwachita. Sizidzakwana, ndipo tsiku limene zidzaoneke ngati zakwana mudzakhala mutaima pamene anaima Mfarisi wa pa Luka 18, amene ankasala kudya kawiri pa sabata ndi kupereka chakhumi cha zonse. Amene anabwerera kwawo woyesedwa wolungama anali wamsonkho uja amene anangoti Mulungu, mundichitire chifundo ine wochimwa. Yambani ndi Khristu, amene anati wakudza kwa Ine sindidzamutaya kunja (Yohane 6:37). Ntchito zili ndi malo ake, zimachitira umboni, monga 1 Yohane 3:14 ikunenera kuti tidziwa kuti tachoka mu imfa chifukwa tikonda abale. Koma mutu womwewo ukuti mtima wathu ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu (3:20).

Pali anthu atatu amene m'kalata yanu mwangowatchula podutsa, mpongozi wanu ndi ana awiri aja. Pamene inu ndi mwana wanu mukukangana za mavesi, iwo akufunika chimanga, sopo ndi zakusukulu. Musawasiye ngati kuti ukwati ukagwedezeka ubale watha. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pemphani akulu a mpingo kuti ayendere banjalo, ndipo kochepa kamene muli nako gawanani nawo. Mukafika posankha pakati pa khadi ndi chakudya cha zidzukulu, Yesu anayankha kale pa Marko 7:9-13, pamene anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo n'choperekedwa kwa Mulungu pothawa kusamalira makolo awo. Ankhoswe akalephera, lamulo la dziko lino losamalira ndi kuteteza ana, la m'chaka cha 2010, limakakamiza kholo kusamalira mwana wake, ndipo khoti likhoza kulamula bambo kuti azipereka chithandizo. Mpongozi wanu akafuna kupita kumeneko, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma, musamuletse poopa manyazi a banja. Mumuperekeze.